Kuchonga Msuzi wa Fransisko

Lolemba

Kope latsopano, cholembera chofiira, K800 yopatula pa penshoni.

Loweruka ine ndi aNambewe tikukwanitsa zaka 35 tili m'banja, ndipo ndikufuna kuwatengera ku malo odyera atsopano aja kuseri kwa msika. Koma munthu amene waphunzitsa sayansi zaka 31 satengera mkazi wake pamalo amene sanawayeze. Funso ndi limodzi: kodi chakudyacho chikugwirizana ndi mtengo wake?

Zimene ndikudziwa. Nyumbayo kale inali ya telala. Pakhoma alemba kuti Zakudya za ku Thailand, koma anthu akungoti pa Tayi. Mwini wake ndi Fransisko, wa banja lija linathawa nkhondo ku Mozambique n'kukhazikika ku Mlolo. Ndinamuphunzitsa Giredi 9. Pa sayansi analibe mutu. Anapita ku Lusaka, n'kuphika zaka khumi ndi ziwiri pa lesitilanti ya mayi wina wa ku Thailand.

Chiyambi cha zonsezi ndi Lusaka yemweyo. Zaka makumi awiri zapitazo ananditumiza kukachonga mayeso, ndipo aNambewe ananditsatira kukagula makina osokera. Tsiku lomaliza mvula inatitsekera pakhonde la kalesitilanti kena pafupi ndi pamene tinkagona. Mayi wa ku Thailand anatuluka, anaphatikiza manja pachifuwa ngati akufuna kuomba koma osaomba, n'kutilowetsa. Matebulo asanu. Fungo la mandimu ndi adyo. Msuzi woyera, wowawasa pang'ono, wa nkhuku ndi mkaka wa kokonati. Ndalama ya basi yabwino inathera pomwepo, tinabwerera pa basi ya matumba ndi nkhuku, makina osokera ali pamiyendo. Mpaka lero mvula ikagunda malata aNambewe amati, "Mukukumbuka pa Tayi paja?" Ngati msuzi wa kuno ndi madzi odula chabe, ndiwaonongera chinthu chimene asunga nthawi yonseyi.

Njira: zakudya zili zisanu papepala, tsiku chimodzi mpaka Lachisanu. Malikisi pa 10:
kukoma
kuchuluka
ukhondo
Kenako kuyerekeza ndi mtengo. ANambewe asadziwe. Ndawauza kuti ndikulondola mapepala a penshoni. Palibe mkazi wa mphunzitsi amene amafunsa kuti zimenezo zitha liti.

Masana. Msuzi wa nkhuku uja, K110. Matebulo ndi atatu, onse pakhonde, moyang'ana msewu. Ndalawa masupuni awiri. Akudutsa a Tembo okonza njinga. Ndikunena zimene munthu aliyense woleredwa amanena: "Tiyeni tidye." Moyo wanga wonse yankho lake lakhala "zikomo, pitirizani." Lero a Tembo atsamiritsa njinga pakhoma n'kufunsa posamba m'manja.

Akuti: "Koma mkaka ndi nkhuku, aphunzitsi, sizimenyana m'mimba?"

Sizinamenyane. Amaliza mbale. Masupuni awiri si umboni. Malikisi palibe.

Lachiwiri

Kwazizira. Ndavala jekete ya ku Lusaka ija, mabatani awiri asintha mtundu koma ikadali jekete.

Kupewa za dzulo, ndafika 11 koloko, anthu asanayambe kuyendayenda, ndipo ndakhala mofulatira msewu. Chakudya chachiwiri: tizingwe ta ufa wa mpunga tonga supageti, tokazinga ndi dzira, pamwamba mtedza wosinja ndi kachidutswa ka ndimu. K120.

Mtedzawo ndi wa ku Zemba. Ndafunsa. Ndimaudziwa mtengo wake pa chitini, ndipo zandipweteka pang'ono. Koma tizingweto, botolo la msuzi wa nsomba ndi mkaka wa kokonati zimachokera ku Lusaka, pa basi mpaka Chipata, kenako pa minibasi. Zimenezo ziyenera kuwerengedwa. Chilungamo ndi chilungamo.

Vuto la lero ndi Fransisko. Waona kope ndi cholembera chofiira, nkhope yasintha ngati wabwerera mu Giredi 9. Mbale yabwera ngati chulu. Patebulo lina pali mkulu wina wogula thonje, wapatsidwa chakudya chomwecho, theka la changa. Polipira Fransisko akukana K20: "Inu aphunzitsi munatikwapula kuti tikhale anthu."

Sindikukumbuka kuti ndinamukwapula. Mwina kamodzi, nkhani ya chule.

Choncho kuchuluka sikungachongedwe, mtengo nawo wasokonezedwa. Kukoma: 8. Kutsekemera, kuwawasa ndi mchere zonse zili m'kamwa nthawi imodzi, palibe chopondereza chinzake. Ndinatseka maso pang'ono, n'kumva mvula pa malata a ku Lusaka. Izi sizilowa m'malikisi.

Ndadya zonse, poti kusiya kukanamukhumudwitsa mwanayo.

Kunyumba, 1 koloko. ANambewe aphika nkhwani wotendera ndi kapenta, zimene ndimakonda. Ndatema kawiri, dzanja laima lokha. Ndati ndakhuta.

Andiyang'ana. Ayang'ana bakuli. "Ku penshoni akugawa chakudya masiku ano?"

Ndati ndi mphepo, imachotsa chilakolako. Mabuku amanena zosiyana ndi zimenezo, ndipo ndikudziwa.

Lachitatu

Ndaganiza usiku kuti kuyesa kulikonse kumafuna choyerekezera. Simunganene kuti madzi ndi otentha popanda kudziwa ozizira. Choncho patsamba lachinayi ndalemba chakudya cha kunyumba, nkhwani wa dzulo: kukoma 7, kuchuluka 10, ukhondo 10. Seveniyo ndi chifukwa soda anapitirira pang'ono. Kope ndi langa, palibe aliwerenge.

Chachitatu: papaya wosapsa, wopalidwa ngati tizingwe, wosinjidwa mu kamtondo ndi tsabola, adyo, ndimu, tomato ndi mtedza. K70.

Ndiwerenge bwino. Kuseri kwa nyumba yanga kuli mitengo itatu ya mapapaya. Osapsa akagwa timaponyera nkhumba za aneba. Lero ndalipira K70 kudya gawo limodzi la magawo anayi a papaya mmodzi wotere. Ndipo ndi wokoma. Izi zandisowetsa mtendere kuposa mtengowo.

Tsabola ndi wambiri. Misozi ikutuluka yokha, mphuno nazo. Ndikupukuta ndi mpango pamene akudutsa amayi a Tembo ndi amayi ena awiri a kutchalitchi, madengu pamutu. Aima. Sindinawaitane kudya, ndaphunzira. Mwina kumeneko ndiye kulakwa kwina.

"Mwaswera bwanji aphunzitsi? Kunyumba kuli bwino?"

Ndati kuli bwino.

"Amayi ali bwino? Sakudwala?"

Ndati ali bwino ndithu, ndawasiya akusoka.

"Oho. Akusoka." Ayang'ana mbale, ayang'ana misozi yanga. "Limbani mtima, aphunzitsi. Mulungu ndi wamkulu."

Sindikumvetsa chimene Mulungu walowera mu nkhani ya papaya.

Ku Lusaka kuja palibe amene anatiyang'ana. Ndicho chinandidabwitsa kwambiri tsiku lija, kuposa chakudya. Anthu amadya pafupi nafe osatifunsa kwathu, osatifunsa mwini mbumba. ANambewe anavula nsapato pansi pa tebulo poti zinanyowa, ndipo palibe anakauza munthu. Anali atavala diresi yobiriwira ya kolala yoyera. Anagwira foloko ngati singano yoluka, tonse tinaseka.

Kukoma: ndimafuna kulemba 8, koma theka la mbale ndadya ndikuganiza za amayi a Tembo. Ndasiya mpata.

Kunyumba ndadzikakamiza kudya mokwanira. M'mimba muli papaya, tsabola, nyemba. Ndagona masana, chinthu chimene sindichita.

Lachinayi

Lero ndi tsiku la amayi kutchalitchi. ANambewe anyamuka 2 koloko, bulauzi yoyera, mpango woyera, osanena zambiri.

Ine ndapeza nzeru. Vuto lonse ndi khonde, ndiye ndamupempha Fransisko andiikire mpando m'kati, kukhitchini, kuseri kwa chitseko. Ndalowera khomo lakumbuyo, kudzera kwa ogulitsa makala. Mpunga wokazinga ndi nkhuku ndi masamba onunkhira, K100. Ndadyera pamiyendo, utsi m'maso. Ukhondo ndauona ndi maso anga: 9. Mapoto owala, madzi ovundikira, nyama pa thabwa lake, masamba pa lawo. Mwanayu sayansi anaimva mochedwa, koma anaimva.

Kukoma sindingachonge. Munthu wobisala samva kukoma.

Potuluka ndakumana maso ndi maso ndi a Tembo, akugula makala. Ayang'ana khomo limene ndatulukira. Angovula chipewa.

Madzulo ndapita kwa iwo kukapopetsa njinga, ndipo ndawafunsa mosapsatira zimene anthu akunena. Anayamba akana, kenako afotokoza. Nkhani zilipo zitatu:

1. ANambewe anasiya kundiphikira.
2. Akuphika, koma ine ndikuopa kudya, ndikuganiza kuti akundithirira mankhwala.
3. Ndalama zonse za penshoni zatuluka, ndipo ndikudya ndekha mobisa.

Yachitatu ndiyo ili ndi otsatira ambiri, makamaka chiyambire lero masana.

A Tembo akuti: "Mwamuna wapabanja, nyumba ili apa poonekera, n'kumadya pa lesitilanti masiku anayi? Aphunzitsi, ngakhale inu mukanamva za wina mukanati chiyani?"

Ndaganiza mofatsa. Lesitilanti kuno ndi ya apaulendo, madalaivala, ogula thonje ndi mbeta zachimuna. Ndakhala pa boma pano zaka zambiri, ndimadziwa kutalika kwa mtunda wopita ku dzuwa, koma ichi sindinachiike m'dongosolo.

ANambewe abwera dzuwa litapendeka. Chakudya andiikira patebulo, chovundikira bwino, madzi osamba m'manja pambali. Iwo akadyera kukhitchini. Zaka 35, izi zachitikapo kawiri: pamene ndinagulitsa mbuzi yawo osawauza, ndi lero.

Ndikhoza kuulula tsopano. Koma kwatsala tsiku limodzi, chakudya chimodzi, nsomba. Kusiya kuyesa pa 4 mwa 5 ndi kutaya zonse. Ndipirira.

Lachisanu

7 koloko m'mawa, belu la njinga pabwalo. Alamu anga a Mbewe, achimwene awo a aNambewe, kuchokera ku Mlolo. Pakaliyala pali chikwama ndi bulangete. Munthu wongodutsa sanyamula bulangete.

9 koloko, njinga ina. Mng'ono wanga Yohane, kuchokera ku Zemba. Nayenso bulangete.

Awiriwa ndiwo ankhoswe a ukwati wathu. Kuwaona pamodzi popanda maliro kapena chinkhoswe, ndiye kuti mlandu ndi wa m'nyumba muno.

A Mbewe akuti: "Tangobwera kudzaona ana."

Ana athu wina ali ku Chipata, wina ku Kitwe, wamng'ono ali ndi zaka 27.

Ndawapeza aNambewe kuseri akusankha mpunga. Ndafunsa ngati ndi iwo aitana anthuwa.

"Ine sindinaitane munthu. Ndinangowauza achimwene pafoni kuti mbale zikubwerera zodzaza."

11 koloko ndavala jekete, ndati ndikupita kukaona za penshoni. A Mbewe aimirira: "Tipitire limodzi, alamu, nanenso ndikaone kumene boma likuphikira anthu okalamba." Yohane wayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Ndavula jekete.

Nsomba sinayesedwe.

Masana tadya tonse atatu m'mbale imodzi, ankhoswe akuwerenga matemo anga. Ndadya ngati mnyamata wobwera kudambo. A Mbewe: "Onani, akudya. Ndiye kuti pakamwa palibe vuto. Vuto lili kwina."

Tsiku lonse takamba za mtengo wa feteleza, za thonje, za mlatho wa kwawo. Za mlandu ayi. Mwambo wake ndi womwewo, nkhani imagona kaye. Akuti tikhala pansi mawa m'mawa.

Mawa ndi tsiku lenilenilo. Pa ukwati wathu a Mbewe omwewa anabwereka suti yaifupi manja, ndipo Yohane anagwetsa keke pa njinga, tinadya yophwanyika. ANambewe anaseka mpaka kulira. Lero sanandiyang'ane n'kamodzi komwe.

Zotsala: K420, kope la malikisi osakwanira, alendo awiri.

Loweruka

8 koloko, pabalaza. Ankhoswe pa mipando, aNambewe pamphasa pafupi ndi khomo, ine pa mpando wanga wowerengera nyuzipepala, umene lero ukuoneka ngati si wanga.

A Mbewe ayamba ndi kutali: mvula ya chaka chatha, ulemu wa banja lathu, mmene anthu amatitengera chitsanzo. Kenako: "Tsono alamu, mlongo wanga walakwa chiyani kuti muzikadya kwa eni, mpaka kulowera khomo la makala?"

Ndafotokoza zonse mwadongosolo. Zaka 35, Lusaka, cholinga, njira. Ndatulutsa kope ngati umboni. Kumeneko ndiye kulakwa kwanga kwakukulu sabata ino, chifukwa a Mbewe amawerenga mokweza, ndipo sadumpha tsamba.

"Papaya wosapsa, K70." Aima. "Alamu, mukanandiuza. Ndikanakubweretserani ngolo."

Atembenuza tsamba. "Chakudya cha kunyumba. Kukoma, seveni."

Yohane akuyang'ana denga.

ANambewe, mofatsa: "Wa Fransisko anapeza zingati?"

A Mbewe: "Eyiti."

Ndayesa kufotokoza za soda. Yohane wandiponda phazi.

Ankhoswe atuluka kukakambirana pansi pa mtengo wa mango, mphindi khumi. Chigamulo: nkhani ya mankhwala ndi ya penshoni zagwa. Cholinga chinali chabwino, njira yake ya munthu wophunzira mopitirira. Koma iwo sangatseke mlandu asanaone malowo ndi maso, ndiponso anthu a pa boma ayenera kutiona tikudya pamodzi kuti pakamwa patsekeke.

Choncho chakudya cha anthu awiri chimene ndakonzekera sabata yonse tadya anthu anayi, pakhonde, tebulo lapakati, msika wonse ukuona. ANambewe avala chitenje chatsopano, ayenda patsogolo. Fransisko waphatikiza manja pachifuwa powalonjera. Ndawaona aNambewe akumwetulira pang'ono, koyamba chiyambire Lachiwiri.

A Mbewe aitanitsa nsomba ija, aimaliza okha, mutu ndi maso omwe. Yohane mpunga. Ife awiri msuzi wa nkhuku. ANambewe amunong'oneza Fransisko kanthu asanapite kukhitchini.

Alawa. Ndadikira masupuni atatu, kenako ndafunsa ngati ukufanana ndi wa ku Lusaka.

"Ndingadziwe bwanji? Wa ku Lusaka sindinaudye."

Ndati anaudya, ndinalipo.

"Ndinalawa supuni imodzi, m'kamwa munayaka moto, ndinakukankhirani mbale. Munadya zonse ziwiri mukundifotokozera kumene kokonati amamera."

Ndafunsa chimene akhala akukumbukira nthawi yonseyi mvula ikagwa.

"Tsiku limenelo sindinakoleze moto. Sindinatsuke mbale. Ndinangokhala, wina n'kundibweretsera. Ndipo inu munakhala nane maola awiri opanda kope m'manja."

Kope linali pa bondo langa. Ndaliika m'thumba.

A Mbewe, nsomba ili m'kamwa: "Lembani zimenezo, alamu. Mupatse malikisi."

Msuzi wa lero aNambewe aumaliza wonse, poti anamuuza Fransisko asathire tsabola. Akuti mchere wachepa. Nsapato anavula pansi pa tebulo, ngakhale kunja kuli fumbi lokhalokha. Amayi a Tembo adutsa kawiri.

Zonse pamodzi K450. Yohane wawonjezera K30, akuti ndi mphatso ya tsikuli.

Lamulungu

Alendo anyamuka titachoka kutchalitchi. A Mbewe atenga mapapaya osapsa anayi, akuti akayesa kwawo, ndipo akapambana atsegula lesitilanti ku Mlolo.

Zotsatira za kafukufuku:
Msuzi, unadyedwa ndi a Tembo. Wachiwiri ndinaudya osaumva.
Tizingwe, mbale yokondera.
Papaya, mpata.
Mpunga, utsi.
Nsomba, funsani a Mbewe.

Funso lija, ngati chakudya chikugwirizana ndi mtengo, silinayankhidwe. Maganizo anga, opanda umboni wokwanira: Fransisko amaphika bwino, ndipo ndi wodula kwa anthu a kuno ndi K20 kapena K30 pa mbale. Ndikamuuza, ngakhale sanandifunse.

Seveni uja ndamusintha kukhala 10, ndi cholembera chofiira, ankhoswe awiri asayina m'mbali. Zaka 31 makolo andibweretsera nkhuku, wina mbuzi, sindinasinthepo malikisi a munthu. Soda anapitiriradi. Ndalemba pano pokha.

Za ku Lusaka ndaziganizira m'tchalitchi nthawi ya ulaliki. Ndikukumbuka mvula, diresi yobiriwira, mayi uja ndi manja ake. Ndikayang'anitsitsa, patsogolo panga palidi mbale ziwiri. Ndakhala ndikuuza anthu, ngakhale ana a sukulu, kuti anthu a ku Thailand amapakula mowolowa manja.

ANambewe alengeza dongosolo latsopano. Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse sakoleza moto, tizipita pa Tayi, kope lizitsala kunyumba. Ndayamba kuwerengetsa kuti pa chaka zikwana zingati, andiletsa ndisanamalize. Ndati penshoni singakwanitse miyezi yonse. Akuti palibe vuto, mwezi umene ndalama palibe pali njira yotchipa yopezera theka la zomwezo, ndipo tikhoza kuiyesa lero.

Mbale za masana zili m'beseni kuseri, mapoto awiri ndi chiwaya. Iwo akhala pakhonde, miyendo yotambasula, nsapato pambali. Akuti phulusa lili m'chitini, ndiyambe ndi magalasi.